Chingwe Changa m'Munda wa a Nachisale

Anthu a msinkhu wanga kumidzi ya m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Chipoka amachitcha chaka cha gaga, chifukwa ngakhale mabanja amene kale ankatayira nkhuku gaga, chaka chimenecho anaphika yemweyo. Ine ndinali mlangizi wa zaulimi kumeneko, mnyamata wa ku Dedza wongotuluka kumene kusukulu, ndili ndi njinga ya boma, kabudula wa khaki ndi mutu wodzaza nzeru za m'kalasi. Njala sinandikhudze, malipiro ankabwera. Chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero ndi mayi mmodzi, a Nachisale, amene anakolola pamene anzawo onse analephera. Anakolola chifukwa cha ine.

Okutobala

Kusukulu anatiphunzitsa mmene mlimi amaphunzirira. Mphunzitsi wathu ankati phunziro limodzi lizikhala ndi mfundo imodzi, munthu aione ndi maso, aigwire ndi manja, ndipo chida chilichonse chophunzitsira uyambe wachiyesa pa anthu ochepa usanapite nacho pagulu. Zonsezi ndinazilemba m'kope, mayeso ndinakhoza, ndipo ndinkadziona ngati katswiri.

Mapepala amene ankabwera kuchokera ku likulu sakanandithandiza. Anali odzaza mainchesi ndi mafuti, ndi chithunzi cha bambo wovala jekete ataima m'munda wa katondo. Kuno kunali mchenga, ndipo ambiri mwa amene ankadziwa kuwerenga ankawerenga Chiarabu cha kumadrasa. Ndiye ndinaganiza zanga. Ndinagula chingwe cha khonje, n'kumanga mfundo pamalo aliwonse oyenera phando la chimanga. Kuti mfundozo zizioneka pamchenga, ndinamangirirapo tinsanza tofiira tochokera ku deresi lakale la mkazi wanga Esinati. Mlimi angotambasula chingwe, abzale pamene pali kansanza, nkhani yatha. Ndinachiyang'ana chingwecho n'kudziyamikira ndekha.

Kuchiyesa ndinachiyesa ndithu, monga anatiphunzitsira. Ndinachiyesa pa munthu mmodzi, a Mbewe, tcheyamani wa nthambi ya chipani, amene ntchito yawo inali kuvomera chilichonse chochokera ku boma.

"Mukuchiona bwanji, atcheya?" ndinafunsa.

"Chabwino zedi, alangizi. Chitukuko chake n'chimenechi."

"Koma anthu achimvetsa?"

"Akapanda kumvetsa mudzandipatse mayina awo."

Chotsala chinali munda wachitsanzo, wa m'mbali mwa msewu, woti aliyense wopita kusiteshoni aziuona. Palibe anadzipereka. Kunali mphekesera yoti munda ukangoyezedwa ndi munthu wa boma, chaka chamawa umasanduka esiteti. Patapita masiku atatu a Mbewe anabwera akumwetulira, nati wodzipereka wapezeka.

A Nachisale anali mayi wamasiye wa zaka ngati makumi asanu. Kwawo kunali ku Khombedza, kuno anabwera pa chitengwa, ndipo amuna awo atamwalira anatsalira pamunda ndi panyumba pomwepo. Ana awo aakazi awiri anali kumabanja kutali. M'mudzimo analibe mlongo, analibe malume. Anandilandira atagwada, ndipo nditawafotokozera zonse anangoti, "Ngati atcheya anena, ine ndinganenenji?" Ine ndinati koma mayi awa ndi odzichepetsa.

Novembala

Mvula yoyamba itagwa ndinaitanitsa phunziro. Anthu anabwera onse. Masiku amenewo msonkhano wa boma sunkasowa anthu, achinyamata a chipani ankayenda khomo ndi khomo, akuonanso makhadi. Ndinatambasula chingwe changa m'munda wa a Nachisale, ndinafotokoza mfundo imodzi yokha monga mwa lamulo, ndinabzala mapando asanu anthu akuona. Kenako ndinafuna munthu woti agwire nsonga ya chingwe.

Abambo onse manja anali kumbuyo. Asodzi, anthu amene tsiku lonse amakhalira zingwe ndi mfundo, ankachiyang'ana chingwe changa chapatali. Ndinapatsa bambo wina, iye anati dzanja lake lili ndi bala. Wachiwiri anayamba kutsokomola. Potsiriza anachigwira ndi a Nachisale, poti munda unali wawo.

"Pali funso?" ndinafunsa pomaliza.

Panalibe. Anaomba m'manja bwinobwino, n'kubalalika. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti pali wina amene wawanong'oneza anthuwa kuti andiwonongere ntchito.

Phunziro labwino limafuna choyerekezera. Munda woyandikana nawo unali wa Che Jafali, msodzi amene ankalima mmene analimira makolo ake, chimanga, nandolo ndi maungu phando limodzi. Ndinauyeza ndi chingwe chomwecho kuti ukulu wake ufanane ndi wathu, n'kukhoma zikhomo m'ngodya zinayi. Ndinachita zimenezi m'mawa dzuwa lisanatenthe, eni ake ali panyanja. Pamsewu ndinaimika matabwa awiri. Lina ndinalemba "Njira yatsopano", lina "Njira yakale".

Masana Che Jafali anandipeza ndikumanga kope panjinga.

"Alangizi, zikhomo izi m'munda mwanga zikufuna chiyani?"

"N'zongoyerekezera, Che Jafali. Anthu adzaone kusiyana kwake pokolola."

"Kusiyanako mwakudziwa kale, mbewu isanamere?"

"Ndakudziwa," ndinayankha monyada.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ananso chingwe chimene chinali chokulunga pachishalo. "Inshallah," anatero, n'kumapita.

Disembala

Mvula inagwa bwino ndipo chimanga chinamera ponseponse. Munda wachitsanzo unali ndi mbewu yocha msanga ndi feteleza waulere wa boma. Tinathira ndi kachitsekerero ka botolo phando lililonse, tinatsekanso mizere kuti madzi asamathawe. Chingwe ndinachisiya chopachika pakhonde la a Nachisale kuti wofuna azibwereka. Palibe anabwereka.

Tsiku lina ndinapeza zikhomo za m'munda wa Che Jafali zazulidwa. Ndinakhoma zina, nazonso zinazulidwa. Apa m'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito yolakwika. Ndinaganizira Che Jafali, koma masiku onsewo iwo anali ku Senga Bay kokagula ukonde. Ndinaganizira a Mbewe, kuti mwina akufuna ndilephere kuti akandinenere ku boma. Ndinaganizira bambo wina wogulitsa nsomba zouma pasiteshoni, amene anthu ankati ndi makutu a akuluakulu. Ndinasiya kumwa tiyi m'tiyirumu ya ku Chipoka, kuopa kuti liwu langa lingakafike kwina litavala malaya ena. A Nachisale omwe ndinawaganizira. Ndinkanyamula thumba la feteleza lotsala kuti ndimve ngati lapepuka, iwo akundiona. Ndikakumbukira zimenezo manyazi amandigwira.

Aliyense ankaganizira mnzake nthawi imeneyo. Ine ndinkangoti onse akuganizira ine.

Januwale

Sabata yachiwiri mvula inadula. Kumwamba kunayera mbee, ndipo mchenga wa kunyanja sasunga madzi. Pofika kumapeto kwa mwezi chimanga cha anthu chinali chitapota masamba ngati anyezi, china chikumasula ngayaye chili m'mawondo. Cha Che Jafali chinayamba kuuma kuchokera pansi.

Cha a Nachisale chinali chobiriwira. Zifukwa zake zinali zoonekeratu kwa ine: munda unali motsetsereka chakudambo, mizere inali yotseka, mbewu inali yofulumira ndipo inadya feteleza kawiri. Matabwa anga awiri anali chiimire pamsewu, ndipo aliyense wodutsa ankachepetsa liwiro n'kuyang'ana uku ndi uku. Ndinene zoona, ndinasangalala. Ndinalembera bwana wanga ku Salima kuti phunziro likudziphunzitsa lokha.

Febuluwale

Mawu akuti njala sankatchulidwa pamsonkhano. Tinkati chakudya chachepa pang'ono m'madera ena. Koma kumsika wa boma mzere unkayamba tambala woyamba, khadi la chipani lili m'manja, ndipo munthu ankaloledwa kugula kachimanga kongokwana masiku awiri kapena atatu. Ogulitsa mwamseri anakweza mtengo wa ndowa kawiri, kenako anasiya kutchula mtengo usanaonetse ndalama. Amayi ankasinthanitsa usipa ndi gaga. Ena ankapita kumapiri kukagwira ganyu wolandira chinangwa, ena anagulitsa mbuzi pamtengo wa nkhuku. Kunamveka kuti sitima ikubweretsa chimanga, anthu anakakhala pasiteshoni tsiku lonse, sitimayo inabwera ndi simenti.

Amene ananditsegula maso ndi Esinati. Anabwera kuchokera kuchitsime, anatula ndowa mwamphamvu mpaka madzi kutayika.

"Kodi inu bambo, simukudziwa kapena mukuchitira dala?"

"Chiyani?"

"A Nachisale akafika pachitsime amayi onse akumasuntha ndowa zawo. Akuti ndi okawa."

Kukawa ndinkakudziwa, kwathunso kuliko. Ndi kukoka mbewu za m'minda ya anzako ndi mankhwala kuti zidzabereke m'munda mwako. Ndinaseka, koma Esinati sanaseke.

"Taganizani inuyo. Chingwe cha mfundo, mfundo iliyonse kansanza kofiira. Chinthu chotero munachionapo kuti, kupatula m'chiuno mwa wodwala kapena padenga la sing'anga? Chinazungulira munda wa Che Jafali m'mamawa eni ake kulibe. Munawauza pamaso kuti mukudziwa kale mmene zidzathere. Pagulu lonse anachigwira ndi mayiwo okha, ndipo lero chili pakhonde pawo."

"Koma chingwecho n'changa! Ndinamanga ndine!"

"Inu ndinu boma. Ndani angatchule boma? Akuti mayiwo ndi amene anakupatsani nsanzazo, inu n'kumangoyenda nazo osadziwa kanthu."

"Nsanza zake si za deresi lanu? Bwanji osawauza?"

"Mukufuna andisunthire ndowa inenso?"

Ndinakwera njinga kupita kwa a Nachisale. Ndinawapeza akusenda chinangwa chowawa, chimanga chawo chili pafupi kukhwima koma osathyolako n'chimodzi chomwe. Anati akuopa utsi wa chimanga chootcha ungamveke kwa anansi. Ndinawafunsa za zikhomo zija.

"Ndinkazula ndine, alangizi. Ndinkafuna anthu aone kuti ine sindili nazo. Inu n'kumakhomanso."

Panali maliro m'mudzimo sabata imeneyo, a mwana wa mlamu wawo. A Nachisale anapita ndi nkhuni monga mwa mwambo. Atafika kumaphikiro, mayi wina anawalanda mthiko mwaulemu, nati akapume, atopa.

Ndinaitanitsa msonkhano. Ndinafotokoza za dambo, za mizere, za feteleza. Ndinamasula mfundo zonse za chingwe anthu akuona, kansanza kalikonse ndikukakung'unta kuti aone kuti mulibe kanthu. Ndinanena kuti chingwe ndinamanga ndekha ndi manja anga.

"Pali funso?"

Anaomba m'manja. Kenako a Mbewe anaimirira kuti andithandize. Anati aliyense wonena za ufiti pamunda wa boma ndi mdani wa chitukuko, ndipo galimoto yodzamutenga sichedwa. Anthu anaombanso m'manja kwambiri. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyo sinamvekenso pakamwa pa munthu, ndiye panalibenso poti n'kuiyankhira. Moni yekha ndi amene anasiya kufika pakhomo la a Nachisale.

Malichi

Mvula inabwerera chimanga cha anthu chitafa kale. Amene anapeza mbewu anabzala mbatata. Bwana wanga analemba kuti abwera ndi alendo kudzaona munda wachitsanzo.

A Nachisale anandipempha kuti ndiwaletse. Kuti ndiwaletse ndinayenera kulemba chifukwa, ndipo chifukwacho chinali ndi mawu awiri oopsa, njala ndi ufiti, m'dera limene ine ndinali kuyang'anira. Ndinachita mantha. Ndinawauza kuti kalata yachedwa, pamene sindinalembe n'komwe.

Alendo anabwera pa galimoto ziwiri. Amayi a m'mudzi anavina, mimba zili pamsana. A Nachisale anawaimika pakati, zimanga ziwiri zikuluzikulu m'manja, n'kuwajambula. Bwana anawatcha mayi wachitsanzo, nauza anthu kuti amene alibe chakudya adzifunse okha chifukwa chake. Ine anandigwira chanza kawiri.

Epulo

Tinakolola. Nkhokwe yawo inadzaza mpaka tinachita kuwonjezera ina yaing'ono. Anzawo ankabwera kumunda ndi madengu awiri, ena limodzi. Che Jafali anatuta zawo zonse ulendo umodzi pamutu.

Madzulo ena dzuwa likadalipo, a Nachisale anabwera kwathu. Anakhala pamkeka pafupi ndi Esinati, nayankhula akuyang'ana pansi.

"Alangizi, inu ndinu ophunzira. Ndichite chiyani kuti ndikhale? Amuna anga agona kuno. Mango awo aja ndinabzala ndine. Ku Khombedza ndinachokako ndili mtsikana, ndikakhala pakhomo pa yani?"

Funsolo linali lolunjika, ndipo ine ndinali ndi yankho msanga, monga mwa nthawi zonse.

"Gawani, mayi. Nyumba iliyonse dengu. Munthu amakhulupirira chimene wachiona ndi kuchigwira. Akadya chimanga chanu adziwa mtima wanu."

"Kuno sizitero," anatero motsitsa mawu. "Wanjala amabwera yekha kudzapempha kapena kudzagwira ganyu. Ukamutengera pakhomo asanapemphe, amafunsa chifukwa."

"Chifukwa chake ndi chifundo. Kodi chifundo chimafunanso kufotokoza?"

Esinati anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma pamaso pa mlendo sakanatsutsa mwamuna wake. A Nachisale anangoti, "Poti mwatero inu."

M'mawa mwake tinayamba. Iwo anasenza dengu, ine ndikukankha njinga itanyamula thumba. Nyumba yoyamba mayi analandira ndi manja awiri, osathokoza, nalowa nacho m'nyumba. Yachiwiri chimodzimodzi. Pofika yachisanu ndinaona kuti anthu atiyambira kale kutsogolo, aima m'makomo ndi malichero, ngati anthu odikira chinthu chimene akhala akuchiyembekeza. Ndinadziuza kuti yawaimika m'makomomo ndi njala chabe.

Che Jafali tinawapeza pansi pa mtengo akusoka ukonde. A Nachisale anatula dengu patsogolo pawo n'kugwada. Bamboyo anaika pansi ukonde, anatenga chimanga chimodzi, anachisenda makoko, nachitembenuza pang'onopang'ono ngati munthu wozindikira mbuzi yake pakati pa za eni.

"Alihamudulilahi," anatero. "Abiti Saidi, tabwerani muone. Chabwera."

Akazi awo anatuluka, anayang'ana m'dengumo n'kugwedeza mutu.

"Mwachita bwino kubweza, mayi," anapitiriza Che Jafali. "Changa chinali chochuluka kuposa ichi, koma poti mwavomera nokha, ife tilibe mawu. Mulungu ndiye mwini kukhululuka."

Sananene mwaukali. Ananena mofatsa, ngati munthu amene mlandu wake watha bwino. Ndinayamba kufotokoza za feteleza, iwo anandidula mwaulemu.

"Inu alangizi musadandaule. Tikudziwa kuti inu simunkadziwa."

A Nachisale anadzuka, anakung'unta mchenga m'mawondo. Sanalire. Anasenza dengu lopanda kanthu, nandiuza kuti tipitirize, poti nyumba zotsala zikamanidwa zidzati chawo chabisidwa. Tinagawa mpaka nkhokwe yaikulu inafika pansi.

Meyi

Palibe anawathamangitsa. Abale a malemu amuna awo anangobwera atatu, nakhala pakhonde, nanena kuti mwina ndi bwino akapume kaye kwawo mpaka mitima ya anthu itazizira. Za munda anati asadere nkhawa, auyang'anira.

Katundu wawo ndinanyamula ine panjinga mpaka pamsewu waukulu: mphasa, mapoto awiri ndi kabokosi ka malata. Njira yonse anthu ankatiyang'anira m'mipanda. Titafika poimira basi ndinayesa kupepesa, koma mawu anga ankatuluka ngati lipoti. Ndinati mwina anthu adzamvetsa chaka chamawa akadzaona munda wina.

"Alangizi," anatero, "ndikanadya ndekha chimanga chija, akanangondiganizira. Munthu woganiziridwa amakhala ndithu pamudzi, amakalamba, amaikidwa pafupi ndi mwamuna wake. Tsopano sakundiganiziranso. Akuti akudziwa."

Basi inabwera itadzaza. Ndinakweza mphasa ndi bokosi pamwamba, kondakitala akundikalipira kuti ndikuchedwetsa anthu. Chimanga chimene chinatsala m'nkhokwe yaing'ono sanatengeko ngakhale lichero limodzi.